Mwala Umene Unaboola Denga la Kalipentala

Mwalawo unagwa masana, kalipentala akupala chitseko pakhonde. Anangomva phokoso ngati la mfuti, kenaka mkazi wake akukuwa m'nyumba.

Atathamangira mkati anapeza lata labooka, dzuwa likulowa pa chibowo chachikulu ngati chibakera. Tebulo linali litasweka. Mkazi wake anali pansi atagwira ntchafu, magazi akutuluka pakati pa zala. Pambali pake simenti inali itang'ambika, ndipo mumng'aluwo munali mwala wakuda bii.

"Wakugenda ndani?"

"Sindinaone munthu, bambo. Changobwera."

Kalipentala sanafunsenso. Kuseri kwa mpanda kunkakhala wowotcherera zitsulo, amene anthu ankamutcha Magalasi, ndipo awiriwa anali atatha chaka osapatsana moni chifukwa cha ngalande ya madzi oipa. Anatola mwendo wa tebulo losweka lija n'kulumpha mpanda.

Magalasi anali atawerama akuwotcherera geti, chishango chili kumaso. Thabwa loyamba linamugwera pamsana. Lachiwiri linaswa chishangocho.

"Ukufuna kundiphera mkazi, galu iwe!"

"Achimwene, ndatani ine?"

Kalipentala anamugwetsa n'kumutsamira bondo pachifuwa. Magalasi anapapasa pansi, anapeza chitsulo chimene chinali chikadali chotentha, n'kumukanikiza nacho pamkono. Fungo la khungu lopsa linamveka mpaka kumsewu. Anagubuduzana pakati pa mawaya, akulumana, akutukwanizana, mpaka anthu anawalekanitsa. Magalasi anadzuka atagwira diso lakumanzere, magazi akutsika m'tsaya.

Mlamu wake wa kalipentala, mphunzitsi wa sayansi, ndi amene anatengera mlongo wake kuchipatala. Pobwerako anatokosa mwala uja ndi tchizulo n'kuuyesa m'dzanja. Unali wolemera kuposa msinkhu wake, ndipo kunja kwake kunali kosalala ngati wawauka pamoto.

"Alamu, mwala uwu sunaponyedwe ndi munthu."

"Ndiye wadziponya wokha?"

"Taonani bwino. Waboola lata, wathyola phaso, waswa tebulo, wang'amba mlongo wanga ntchafu, n'kukathera mu simenti. Ndi dzanja la ndani limenelo? Miyala yotere imachokera kuthambo. Ikamalowa mumlengalenga imatha kuyenda makilomita makumi awiri pa sekondi imodzi. Inu kungophethira, iyo yadutsa kale tauni yonse. Mpweya ndi umene umaidula liwiro isanafike pansi."

"Koma uja amandida."

"Akudeni, inde. Koma alibe mphamvu zimenezi."

Kalipentala anakhala pa mpando wosamaliza, akuyang'ana mkono wake wotupa matuza.

Apolisi anamutenga tsiku lomwelo. Madokotala analephera kupulumutsa diso la Magalasi, ndipo khoti silinafune kumva zambiri za liwiro la miyala. Kalipentala anagamulidwa zaka ziwiri.

Mkazi wake anakamuona kundende patatha mwezi, akuyenda motsimphina. Anakamba za ana, za makasitomala amene anabwera kudzatenga matabwa awo. Pomaliza kalipentala anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga aneba?"

"Asamuka. Ndi diso limodzi akuti sangawotchererenso."

"Anatukwana?"

"Ayi. Akazi awo ndi amene ankanditsuka bala masiku onsewa. Tsiku losamuka anabwera m'mawa, anandimanga bandeji yatsopano, kenaka anakakwera lole."