Mkazi Padenga

Rosebell anali atagwada padenga la vani pamene galimoto ya a Msaiwale inaima pageti. Anaiona, koma sanatsike. Anapukuta manja pa ovolosi n'kupitiriza kusisita ndi chala mzere wa guluu amene anamata dzana lake, kufufuza ngati penapake pakadali pofewa.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Meyi ukupita kumapeto. Dzuwa la ku Perth nyengo imeneyi limawala ngati mlendo amene watsanzika kale koma akucheza pakhomo. A zanyengo anali atalengeza kuti mvula yamphamvu ifika mawa lake madzulo kuchokera kunyanja, ndipo ikafika ikhala sabata yathunthu.

Vaniyo inali yakale, ya denga lotukuka. Ukalowa mkati n'kulikankha, limakwera, m'mbali mwake n'kutambasuka chinsalu cha tenti, munthu n'kutha kuimirira. Rosebell anaigula kuti aziyendera kuminda ya tirigu kumene amachita kafukufuku wake wa dothi. Sanalotepo kuti tsiku lina idzakhala nyumba. Koma tsopano inali itatha milungu isanu ndi iwiri itaima pambali pa nyumba ya Bwalya ku Mirrabooka. Bwalya anali namwino wa ku Zambia, mnzake wa kutchalitchi, ndipo m'nyumba mwake munali modzaza kale ndi ana anayi ndi apongozi. Chimene akanatha kupereka anapereka: malo oimikapo vani, kiyi wa kubafa, ndi waya wa magetsi wodutsira pawindo.

Amalawi a ku Perth ndi ochepa, choncho nkhani imayenda mofulumira kuposa basi. Onse anali atamva kuti mkazi wa Melvin wachoka pabanja, akugona m'galimoto. Ndipo onse anali atagwirizana pa chinthu chimodzi, popanda kuitanitsa msonkhano: musiyeni, mvula imubweza. Mawu amenewa anamupeza Rosebell ali kulaibulale ya yunivesite ku Crawley, ndipo anamupweteka kuposa mmene akanavomerezera. Anamupweteka chifukwa anali ndi kachoonadi. Kamvula kakang'ono ka mu Epulo kanali katamuonetsa kale kuti dengalo linali sefa. Madzi analowera m'mabowo a masikuluwu, labala wa m'mphepete anali atauma n'kusweka, ndipo chinsalu chinkamwa madzi ngati thaulo. M'mamawa kuzizira kunkatsika kuchokera kumwamba mpaka m'mafupa.

Choncho kwa milungu itatu, akaweruka kusukulu, ankakwera. Anapala guluu wakale yense mpaka zikhadabo zinathothoka, natsuka ndi sipiriti, namata watsopano. Anasenda labala wakufayo n'kuika wina. Chinsalu anachipaka mankhwala oletsa madzi kawiri, ndi burashi yopentera. Mkati mwa denga anamatamo siponji yopyapyala yokutidwa ndi pepala lonyezimira kuti kutentha kusamathawe. Zonsezi anaphunzira pafoni, kuimitsa ndi kubwereza, mpaka ana a Bwalya analoweza mawu a mzungu wophunzitsayo. Lero panatsala kuyesa basi.

A Msaiwale anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, atavala jekete la kutchalitchi. Anali munthu wa imvi, woyang'anira nkhokwe yozizira ya zipatso kumsika wa Canning Vale, ndipo ndiwo anaima ngati nkhoswe ya Rosebell pa ukwati, chifukwa amalume ake enieni anakanizidwa chitupa chobwerera kuno. Udindo umenewu anautenga ngati cholowa. Kukhomo linalo kunatuluka Melvin, atavala malaya ake a olenji a kumgodi. Anatsitsa makwerero atsopano onyezimira ndi bokosi la zipangizo. Amene anakonza zimenezi anazikonza bwino ndithu.

A Msaiwale atakweza maso n'kumuona Rosebell pamwamba, anaima chilili, dzanja lili pachifuwa.

"Mwana wanga, tsika. Anthu akuona."

Rosebell anawapatsa moni wonse woyenera, kufunsa za amayi kunyumba ndi za bondo lawo lija, koma anatero ali pomwepo. Anadziwa bwino chimene chinawabaya. Kwawo ku Nambuma mkazi amamweta udzu, amausenza, amauponya m'mwamba, koma wofolera ndi mwamuna. Mkazi akakwera padenga ndiye kuti walengeza kumudzi wonse kuti pakhomopo palibe mwamuna: kaya anamwalira, kaya alipo koma n'chimodzimodzi. Rosebell anakulira pansi pa lamulo limeneli. Bambo ake atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, nyumba yawo inadontha zaka ziwiri. Udzu unalipo, womweta okha amayi ake, uli mulu kuseri mpaka unawola. Amayiwo ankadziwa kufolera, anali ataonerera moyo wawo wonse. Koma kukwera kukanachititsa manyazi mwamuna amene sanatumize ngakhale kalata. Ndiye ankangosuntha mphasa, n'kutchera mabeseni. Mpaka lero Rosebell akamva madzi akudontha m'beseni, mtima umamuwawa ndi ukali.

A Msaiwale analankhula ngati nkhoswe yodziwa ntchito yake. Anati banja ndi kupirira. Anati mutu umodzi susenza denga. Anati Melvin wabwera yekha, modzichepetsa, atangotsika ndege Lachinayi kuchokera kumgodi, ndipo sakupempha zambiri: angokonza dengali kuti mkazi wake asanyowe, zina zonse akakambirana mtima uli m'malo. Melvin anagwedeza mutu pa mfundo iliyonse ngati mwana wa kwaya.

Rosebell anamvetsa msampha wake. Mwamuna akakufolerera nyumba, salowanso mogogoda. Mawa mpingo wonse ukanamva kuti Melvin, ngakhale anathawidwa, anapita kukamukonzera denga, ndipo wouma mtima akanakhala iyeyo.

"Zikomo, bambo," anatero. "Koma denga ndamaliza. Mwafika nthawi yabwino, ndimafuna wondithandiza kuyesa."

Melvin anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno kumene Rosebell anakhala nako zaka zinayi. Anati ntchito zimenezi zili ndi eni ake, si zowerenga m'buku. Anati, "Rose, usadzivute. Mvula ya mawa si yamasewera. Tsika, ndione zimene waonongazo."

Apa m'pamene Rosebell anatsika. Anatsikira pa makwerero a Bwalya, akale, ogwedera, makwerero a Melvin aja ali chiimire kumpanda. Analowa m'vani, naika phewa kudenga, nalikankha mpaka linakwera, chinsalu n'kukungika bwino mbali zonse. Kenako anakoka bokosi la pulasitiki pansi pa bedi.

M'bokosimo munali makope khumi ndi limodzi, zolemba za zaka ziwiri za kuminda: muyeso wa dothi lililonse, tsiku lililonse, munda uliwonse. Popanda makope amenewa panalibe digiri, ndipo anayenera kupereka ntchito yake mu Ogasiti. Masamba ake anali opindikapindika ngati chigwada chouma, inki itayenderera. Nkhani ya makopewa a Msaiwale sanaidziwe. Iwo anauzidwa kuti panali kusamvana pang'ono, mkazi n'kupsa mtima. Chimene chinachitika n'chakuti mu Epulo Melvin anabwera kuchokera kumgodi n'kupeza m'nyumba mulibe munthu, Rosebell atachedwa tsiku limodzi kuminda. Anatenga makope onse pashelefu, nawayala bwinobwino pakapinga, otsegula, natsegulira mipopi yothirira. Silinali ngakhale tsiku limene boma limawalola kuthirira kapinga. Rosebell atafika anamupeza atakhala pakhonde akumwa tiyi, akuonerera madzi akuzungulira. Anamuuza kuti pansi pa denga lake pazikhala mkazi, osati mwana wasukulu. Rosebell anatola makopewo, nawaumitsa tsamba ndi tsamba kwa masiku anayi, ndipo sanauze munthu kupatula Bwalya. Ankachita manyazi, ngati kuti wothirira anali iyeyo.

Tsopano anawayala pabedi, otsegula, pansi penipeni pa denga limene anakonza ndi manja ake. Kunena zoona sanali wotsimikiza za ngodya imodzi yakumbuyo. Anatuluka, natseka chitseko, napita pampopi wa pakhoma. Anakoka paipi, natsegula madzi mpaka kumapeto, nabwera nayo kwa mwamuna wake.

"Gwirani," anatero. "Kuthirira makope amenewa mumadziwa kale. Thirirani, a nkhoswe aone."

Madzi ankatayikira pa nsapato za Melvin, koma manja ake anakhala m'thumba. Anayang'ana kumsewu, nayang'ana kumwamba, nanena kuti sanabwere kudzachita zibwana.

A Msaiwale anayang'ana mkazi, nayang'ana mwamuna. Kenako anatsegula chitseko cha vani natola kope limodzi. Anavala magalasi. Anatembenuza masamba olimba aja, akulira ngati mapesi, manambala ena atasungunuka kusanduka mitambo ya buluu, ena atalembedwanso pamwamba ndi pensulo mosamala. Anafunsa mwakachetechete kuti makopewa ananyowa bwanji. Rosebell anatembenukira kwa Melvin. Anali atasenza manyazi a mwini wake kwa milungu isanu ndi iwiri, ndipo anatsimikiza kuti lero awatula pamapazi pa mwini wakeyo.

"Melvin, ndikufunsa iwe," anatero a Msaiwale.

"Zinali za mkwiyo chabe, bambo. Munthu ukachoka kushifiti utatopa..."

"Unandiuza kuti munangosemphana mawu."

Kuwindo la kukhitchini katani inagwedezeka, kusonyeza kuti Bwalya sanaphonye kalikonse.

A Msaiwale anabwezera kope pamalo pake penipeni, natseka chitseko. Anavula jekete, nalipinda, naliika pa bonati. Kenako analandira paipi m'manja mwa Rosebell. Munthu amene wakhala zaka khumi akuyang'anira nkhokwe yozizira amadziwa kumene madzi amakonda kubisala, ndipo sanamuchitire chifundo ayi. Anathira pamwamba, anathira m'mbali, anapanikiza kukamwa kwa paipi ndi chala kuti madzi amenye chinsalu cham'mbali ngati mvula ya mphepo. Anazungulira vani katatu, thalauza lawo la kutchalitchi litanyowa mpaka m'mawondo. Madzi ankagwa pachinsalu n'kugubuduka ngati mikanda. Rosebell anaima ataluma mlomo, akuwerenga mumtima.

Atatseka mpopi, onse atatu anasuzumira mkati. Makope anali ouma. Bedi linali louma. Koma kungodya yakumbuyo, kumanzere, dontho limodzi linali kulendewera pa pepala lonyezimira lija. Linanenepa, linanenepa, kenako linagwa pa matiresi, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pa kope lomaliza.

"Waona?" anatero Melvin, mawu atabwerera mwadzidzidzi. "Ndimanena ine."

"Ndaona," anayankha Rosebell. "Ndi sikuluwu imodzi. Ndikuidziwa."

Anali wokhumudwa, ndipo misozi inali pafupi, koma sinali ya kugonja. Milungu itatu yapitayo madzi ankalowa malo khumi ndi anayi. Anatenga nsanza, chubu cha guluu, ndi makina oumitsira tsitsi a Bwalya amene ankaumitsira nawo malo onyowa asanamate. Anatsitsa denga. Dzuwa linali likadalipo la maola atatu, ndipo guluuyo akanakhala ndi usiku ndi m'mawa wonse kuti agwire.

Atafika pa makwerero anapeza a Msaiwale ataika kale phazi pa sitepe yoyamba, dzanja litatambasuka kuti alandire chubu. Sanachite mwadala, linali thupi chabe la mwamuna wa ku Dowa limene linaona denga lodontha.

"Bambo," anatero Rosebell mofatsa, "inu mungondigwirira makwerero. Amagwedera."

Mkuluyo anamuyang'ana. Zimene zinkalimbana mumtima mwawo zinaoneka pankhope: makolo awo, mpingo, amalume a ku Nambuma amene amadikira lipoti pafoni. Kenako anatsitsa phazi, nagwira makwerero ndi manja awiri. Osatembenuka, anauza Melvin kuti atenge zipangizo zake akadikire m'galimoto, ndipo kuti nkhani yake ikambidwa tsiku lina, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, kuyambira pa makope. Melvin anatola bokosi lake la zipangizo. Makwerero ake atsopano analira pokwezedwa, osapondedwa ndi munthu.

Rosebell anakwera. Ali pa sitepe yachitatu, a Msaiwale anafunsa, maso ali pansi, kuti akawauze chiyani amayi ake akaimba foni madzulo ano, pakuti amaimba Loweruka lililonse kufunsa ngati mwana wawo wabwerera kunyumba.

"Mukawauze kuti mwandipeza padenga," anatero Rosebell. "Muwauze momveka, asaganize kuti foni yadula mawu."

Anagwada pa ngodya ija, napukuta, nayatsa makina. Kuchokera pamwambapo ankaona madenga a Mirrabooka atandandalika mpaka kutali, ndipo kumadzulo, kumene kuli nyanja, kunali mzere wakuda wopyapyala umene sunalipo m'mawa. Anauyang'ana kamodzi, namasula sikuluwu ija, nadzaza bowo lake ndi guluu mpaka anasefukira. Pansi, makwerero anali chiimire, osagwedera.