Munthu Wachikhumi

"Tili naini chabe," anatero Miyoba atawerenganso anthu amene anakhala pabenchi la kuchipatala. "Mami, na imwe tingakwane teni."

Amayi ake, a Lonah, anapukusa mutu. Iwo anangobwera kudzamuperekeza. Wina akatsokomola ankakokera masiki awo mpaka m'maso.

Panali patatha masabata awiri chiikireni amuna awo, a Ignatius Choongo, amene ankayendetsa takisi ku eyapoti. Korona inawatenga m'masiku asanu okha, ndipo abale sanaloledwe ngakhale kutsegula bokosi. Kuyambira pamenepo Miyoba ankadzigwira pamphumi kangapo pa tsiku, kuopa kuti thupi latentha.

Namwino, Sisita Inyambo, anasuzumira pakhomo. Lamulo la chipatalacho linali loti botolo la katemera lisatsegulidwe anthu asanakwane khumi, kuopa kutaya wotsala.

"Ngati simukwana, mailo kukacha mabotolo yayenda ku kiliniki inangu," anatero. "Siniziba kuti yena yazabwera liti."

Anthu onse anatembenukira kwa a Lonah.

"Bakamba kuti olasiwa katemera bazafa mu zaka zibili," ananong'ona a Lonah.

"Ba Dadi sibanalasiwe, Mami. Bali kuti manje?"

A Lonah anagwira m'mphepete mwa benchi. "Bananipempha, Miyoba. Mu June banabwera kuno katatu. Siku yomaliza banali naini. Bananitumira foni kuti, Lonah bwera, ni iwe chabe wasala. Ine ninakana. Patapita sabata imozi banayamba kudwala."

Bambo wina wokalamba anadzuka n'kutola chipewa chake kuti azipita.

"Nkalani, ba Tate," anatero a Lonah. Anaimirira nalowa m'chipindamo.

Sisita Inyambo anawerenga dzina pa chitupa chawo, kenako anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndimwe bakazi ba ba Choongo?"

"Ndine."

A Lonah anayamba kupinda malaya a dzanja lamanja, maso atatsinzina. Namwinoyo anawagwira dzanjalo mofatsa n'kubwezeretsa malayawo.

"Osati iyi. Bamuna banu bananiuza kuti, bakazi banga bazabwera siku ina, ni mantha chabe. Mukabalase kumanzere, chifukwa kwanja yamanja ndiye basokera nayo pa mashini."

Anazungulira mpando, nawapinda malaya a kumanzere.