Kabichi wa Dona

"Musatsegule chitsekocho," anatero mayi Darlene. "Imbirani foni a zanyama zakutchire."

Amuna awo, bambo Orville Tangen, anali atavala kale jombo imodzi. Inayo ankaifufuza pansi pa benchi ndi phazi, maso ali pawindo.

"A zanyama ake ati? Tianyamata tomwe mphalapala tinaiona m'buku? Akamafika, mwendowo ukhala utaduka."

Unali m'mawa wa kumapeto kwa Meyi, dzuwa la mumzinda wa Anchorage litatuluka anthu tulo tisanawathere. Kuseri kwa nyumba, mwana wa mphalapala wa masiku anayi anali atakodwa mwendo mu waya umene mayi Darlene anazinga nawo mtengo wa maapulo kuti nyama zisaukukute. Ankalira ngati chitseko chosowa mafuta. Make anali chiimire pomwepo, msana wake kutalika kuposa denga la galimoto, mlomo uli lendee.

Chipumireni pa ntchito ya kupositi, bambo Tangen anakhala zaka zisanu ndi zinayi akulemba za mphalapala za mu msewu wawo. Analemba makope asanu ndi awiri: yafika nthawi yanji, yadya maluwa a ndani, yagona pakhomo pa yani. Anasindikizanso kapepala ka malangizo n'kukalowetsa pansi pa chitseko cha nyumba iliyonse, kawiri. Mphalapala yaikaziyi anaipatsa dzina loti Dona.

Chinthu chimodzi chokha sichinalembedwe m'makopemo. Nyengo yonse yachisanu, chipale chofewa chitakwirira tchire, iwo ankaika mutu wa kabichi pakhonde madzulo alionse. Lamulo limaletsa kudyetsa mphalapala, ndipo kapepala kawo komwe kankanena zimenezo pa mzere wachitatu. Koma iwo ankati lamulolo analembera anthu osadziwa nyama.

Atatuluka pakhonde, m'manja muli chodulira waya ndi theka la kabichi, anamva mawu kuchokera kutsidya kwa mpanda.

"A Profesa, mwadzuka bwanji? Ulendo wa kuti ndi ndiwozo?"

Anali mayi Fedosia Kashatok, oyandikana nawo nyumba, amene ankayendetsa basi ya ana asukulu. Anaima pakhonde pawo ndi kapu ya khofi. Iwo anakulira kumudzi m'mbali mwa mtsinje wa Kuskokwim, komwe mphalapala saipatsa dzina chifukwa saona chifukwa chodziwana ndi chakudya.

"Ndikukamasula mwanayu. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

"Manda amakumbanso msanga masiku ano, nthaka yafewa. Bwererani m'nyumba, bambo. Ndinakuuzani mu Januwale. Nyama yozolowera khonde imadzavulaza munthu, ndipo tsiku limenelo imafa ndi iyoyo. Ngati simukudzimvera chisoni, mvereniko chisoni Dona wanuyo."

"Dona amandidziwa, mayi. Zaka zisanu ndi zinayi."

"Amadziwa kabichi. Inu ndinu mbale chabe."

Mayi Darlene anasuzumira pachitseko, foni ili kukhutu. "Akuti afika pakatha ola limodzi. Akuti munthu asayandikire."

"Mwamva? Ola lathunthu," anatero bambo Tangen, ngati kuti mlandu waweruzidwa mowakomera.

"Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero mayi Fedosia. Anaika kapu pansi n'kulowa m'nyumba mwawo. Bambo Tangen anaganiza kuti mayiwo asowa chonena.

Anatsika masitepe atatu a khonde. Udzu unali wonyowa. Ankayenda pang'onopang'ono, kabichi ali patsogolo, akulankhula ndi mawu amene ankasungira agalu a eni ndi ana a alendo.

"Dona, mwana wanga, ndine. Taona ndakutengera chiyani."

Mphalapala inatembenuza mutu. Makutu ake anagona chagada. Ubweya wa palinunda unaima. Kenako inayamba kunyambita milomo.

Zizindikiro zitatu zonsezi zinali pa kapepala ka bambo Tangen, m'zilembo zikuluzikulu, ndipo pansi pake panali mawu akuti: UKAONA IZI THAWA, UKABISALE KUSERI KWA MTENGO. Mwana aliyense wa mu basi ya mayi Fedosia ankadziwa kuti chimbalangondo suchithawa, koma mphalapala umaithawa. Bambo Tangen anaziona zizindikirozo, mwinanso anakondwa kuti zikufanana ndi mmene anazilembera. Anayendanso mapazi awiri.

Nyamayo itanyamuka, kunalibe kubangula kapena kufwenthera. Kunamveka mgugu wa ziboda basi. Ndipo katswiri wa mphalapala wa msewu wonsewo anachita zimene amachita munthu akakumana ndi chimbalangondo: anaima nji, anakweza manja m'mwamba kuti aoneke wamkulu, n'kunena modekha kuti, "Ayi, Dona."

Chiboda choyamba chinawapeza paphewa. Fupa linathyoka ndi phokoso la nkhuni youma, ndipo mayi Darlene analimva ali pakhonde. Chachiwiri chinawagwetsa chagada. Kabichi anagubudukira kumpanda. Mphalapala inaima pamwamba pawo n'kuyamba kuwapondaponda ndi miyendo yonse inayi, mofulumira, ngati munthu wozimitsa moto wa pa udzu. Jombo imodzi inavuka. Magalasi anaphwanyikira kumaso. Bambo Tangen anadzipinda, manja ali kumutu, ndipo chiboda chilichonse chikatera, m'kamwa mwawo munkatuluka kampweya kopanda mawu.

"Orville! Orville!"

Mayi Darlene anatola fosholo yokankhira chipale imene inaiwalika pakhonde chiyambire Epulo. Anatsika masitepe n'kuiponya. Inagunda nyamayo m'nthiti n'kugwa pansi. Mphalapala inasiya mwamunayo n'kuyang'ana mkaziyo. Pakati pawo panali mtunda wosakwana mapazi khumi, ndipo mayi Darlene anali atavala masilipasi.

Mfuti inalira.

Mayi Fedosia anali atatsamiritsa mfutiyo pamwamba pa mpanda. Chipolopolo chinalowa kuseri kwa phewa. Mphalapala inadzandira koma sinagwe, inayendabe kulunjika kukhonde, magazi akutuluka m'mphuno ngati thovu. Chachiwiri chinaigwaditsa. Inayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo ikupalasa udzu, mutu utatembenukira kumtengo wa maapulo komwe mwana wake ankalira. Mayi Fedosia anatsegula geti, anayandikira, n'kuiombera kachitatu kuseri kwa khutu.

 Agalu a msewu wonse anayamba kuuwa pambuyo pake, zonse zitatha.

Mayi Fedosia anagwada pambali pa bambo Tangen n'kuwagwira pakhosi.

"Akupuma. Darlene, imbaninso foni, muwauze kuti tsopano tikufuna ambulansi." Anatola chodulira waya pa udzu, anapita pamtengo, n'kudula waya kawiri. Mwana wa mphalapala anasolola mwendo, anatsimphina mpaka pomwe panagona make, n'kuyamba kufunafuna bere.

Inalidi ntchito ya mphindi ziwiri.

Kuchipatala anawerenga nthiti zisanu zothyoka, fupa la paphewa, ndi mano awiri amene sanapezekenso. Mwana wa mphalapala anatengedwa ndi a zanyama, tianyamata tija, amene anafika ola lisanakwane. Basi ya sukulu tsiku limenelo anayendetsa munthu wina. Wopha nyama podziteteza amayenera kuisenda yekha n'kuipereka ku boma, choncho mayi Fedosia anatha m'mawa wonse pa udzu wa a Tangen, magazi mpaka m'zigongono, akutukwana m'zilankhulo ziwiri. Boma nalo nyama yotere siliisunga, limaigawira magulu othandiza anthu malinga ndi mndandanda. Sabata imeneyo mwayi unagwera amayi a kutchalitchi amene amaperekera chakudya kwa odwala m'makomo.

Bambo Tangen anatuluka m'chipatala pa tsiku lachisanu ndi chinayi. Anawakhazika pampando wa pawindo, pomwe ankalembera makope awo. Pa udzu panali malo akuda pomwe mvula inali isanatsuke.

Masana mayi Darlene anabweretsa mbale n'kuiika pamiyendo pawo.

"Amayi a kutchalitchi abwera. Akuti muli pa mndandanda wa odwala."

Bambo Tangen anayang'ana nthuli zakudazo mu msuzi.

"Ndi nyama yanji?"

"Idyani, ikuzizira."

"Nanga kabichiyu?"

"Ameneyo ndathira ndine. M'galaja mwatsala mitu isanu ndi umodzi. Wina ayenera kumudya."

Bambo Tangen anaika supuni pambali. Kenako anapempha kope lachisanu ndi chiwiri ndi cholembera. Analemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhota ngati za mwana wa sitandade wani, ndipo mayi Darlene anawerenga ataima kumbuyo kwawo: "Dona. Meyi 27, m'mawa. Anapereka zizindikiro zonse zitatu. Kabichi ndinkamupatsa ndine."

Anatseka kope. Anakankhira nyama kumbali kwa mbale, nthuli imodziimodzi, n'kuyamba kudya kabichi.