Nkhuku Zobisidwa m'Bafa

Lachiwiri m'mawa Lenah anapeza thadzi lake lamawangamawanga litauma m'khola, khosi litapindikira kumsana. Zinatsala zisanu ndi zitatu. Kuseri kwa mpanda, nkhuku za anthu ena zinali zikufa chomwecho kuyambira sabata yapitayo. Lenah anakulira ku Mponela, chitopa ankachidziwa.

Nkhukuzo sizinali zamalonda. Lenah anabwera ku Nairobi kutsatira amuna ake, a Jerome, amene amagwira ntchito ku bungwe lina lachitukuko, ndipo chiphaso chake sichinkamulola kugwira ntchito. Bambo akapita ku ofesi, mwana wawo Atusaye kusukulu, m'nyumba yawo ya ku Embakasi, pafupi ndi bwalo la ndege, ankatsalamo yekha ndi phokoso la ndege. N'chifukwa chake anagula anapiye achikuda, omwe kuno amati kienyeji, kuti naye akhale ndi chodzukira m'mawa.

Miyezi iwiri m'mbuyomo, alangizi a ziweto anayenda khomo ndi khomo kulemba maina a oweta. Lenah atawaona pageti, anachita mantha. Anaganiza kuti dzina lake likangolowa m'kaundula wa boma, adzati mlendo wayamba bizinesi mopanda chilolezo, mwina mpaka mapepala a amuna ake kusokonezeka. Anakusa nkhuku zonse n'kuzitsekera m'bafa, n'kukweza wailesi. Kenako anauza alangiziwo kuti pakhomopo palibe ngakhale nthenga.

Tsopano a Jerome ataona thadzi lakufalo anati palibe chodikira, zotsalazo azizinge Loweruka aziike mufiriji. Lenah anangotenga kamtondo n'kuyamba kusinja tsabola ndi alovera woti athire m'madzi a nkhuku, monga ankachitira kumudzi.

Akusinja choncho analowa Lorna, mayi wa ku Kenya konko wokhala nyumba yoyandikana nawo, amenenso amaweta nkhuku zochepa. Anamufunsa chifukwa chake sanamuone ku katemera mwezi watha. Lenah anati za katemera sanamve. Lorna anamuonetsa uthenga wapafoni umene onse olembetsa analandira, wonena tsiku ndi malo. Zake zonse zinalandira, ndipo zinali zikupalasa bwinobwino.

Apa Lenah anaulula za bafa zija. Lorna anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mama Atusaye, ndiye tambala uja ankaimba limodzi ndi kwaya ya pa wailesi anali wanu? Tonse tinamumva. Tinangoti Amalawi amasambitsa nkhuku."

Lenah naye anaseka, koma manyazi anamugwira. Lorna anamuuza kuti tsabola asiye, avale nsapato.

Awiriwo anakwera minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka ku ofesi ya ziweto. Kumeneko anapeza mlangizi, a Titus, bambo wa imvi wosachedwa polankhula. Lenah sanazungulire. Anati iye ndi mlendo, ntchito saloledwa, ndipo tsiku lija ananama.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi nkhuku, si mapasipoti," anatero a Titus. "Matenda akabuka ndimafuna kudziwa makola ali kuti. Khola limene sindikulidziwa sindingaliteteze, komanso limapha za anzanu."

Fomuyo inali ya tsamba limodzi: dzina, nambala ya foni, malo okhala, mtundu wa nkhuku ndi kuchuluka kwake. A Titus anawonjezera kuti akadzafuna kugulitsa mazira kapena nkhuku, imeneyo idzakhala nkhani ina, adzayambe wafunsa ku ofesi zoyenera. Lenah anasaina.

Masana omwewo a Titus anafika kunyumba. Anapeza imodzi ikuwodzera ndipo anaipatula. Anachenjeza kuti katemera sachiza yodwala kale, ndipo sanalonjeze kuti zonse zipulumuka. Zooneka zamoyo anazidontheza katemera m'maso. Thadzi lakufa lija anati likwiriridwe m'dzenje lakuya, osalidya, osalitaya pa zinyalala. Za kuzinga Loweruka anakaniza. A Jerome atamva madzulo anangoti, "Mayi a Atu, mwandiposa nzeru," n'kukatenga khasu.

Yodwala ija inafa mawa lake. Ina inatsatira Lachisanu. Lenah ankadzuka m'mamawa uliwonse kukasuzumira m'khola, mtima uli m'mwamba. Patatha masabata atatu, zisanu ndi imodzi zinali zikudya, zikukangana pa chakudya ngati kale.

Lamlungu lotsatira, Amalawi atakumana pambuyo pa mapemphero, Lenah anafotokoza zonse osabisa kanthu. Kunapezeka kuti amayi ena awiri ankabisanso zawo, wina ku Ngong, chifukwa cha mantha omwewo. Anawauza kuti malamulo amasiyana malo ndi malo, choncho aliyense apite ku ofesi ya kwawo akadzimvere yekha.

Ngati mukuweta nkhuku, ngakhale zitatu zokha zongosangalatsa pakhomo, pitani ku ofesi ya ziweto ya m'dera lanu mukafunse za kulembetsa. Musadikire kuti imodzi ife. Uthenga wa katemera umafika kwa amene akudziwika.