Mayankho Olakwa a Brenda

Felister anakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha timiyala mu mpunga. Mpungawo unali wochepa, makapu atatu chabe, koma iye ankaupalasa pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, n'kubwerezanso pomwe wapalasa kale. Ankaopa kumaliza. Akamaliza, manja akhala opanda chogwira, ndipo fifitini awazi ikakwana Madamu Nasilele afika kudzakambirana ndi amayi ngati Brenda apitirize sukulu kapena ayi.

Brenda anali mng'ono wake, wa zaka naini. Anabadwa wovutika kulankhula, moti mawu ake onse sankafika ngakhale khumi. Aphunzitsi akale ankangomukhazika kumbuyo kwa kalasi n'kumupatsa choko kuti azijambula pansi. Madamu Nasilele, amene boma linawatumiza kuno ku Mambwe kuchokera ku Mongu, sanafune zimenezo. Akaweruka ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki imagwira, n'kumafufuza pa intaneti zothandizira ana onga Brenda. Aphunzitsi anzawo a m'gulu lina la pa foni ndi amene anawalozera masewera ophunzitsa zilembo ndi manambala, iwo n'kuwaika m'tabuleti yawo.

Masewerawo anali osavuta. Mawu ankati mwana aloze nambala yakuti kapena chilembo chakuti. Akalakwa, chithunzi chinkangogwedezeka mwakachetechete. Akakhoza, pankatulukira njovu yojambula, yosekerera, n'kutambasula makutu, kukweza chitamba, n'kulira mokweza. Amene anapanga masewerawo ayenera kuti ankaganiza kuti mwana aliyense amakondwa akaona njovu.

Madamu anali ndi ana sevente m'kalasi, choncho anapempha Felister, amene anali atalemba giredi thwelofu n'kumangodikira zotsatira, kuti azikhala ndi Brenda kumbuyo. Anamuveka Brenda mahedifoni kuti phokoso lisasokoneze ena. Tsiku loyamba lomwelo Brenda analoza firii, n'kukhoza. Njovu inatulukira. Mwanayo sanakuwe. Anangouma thupi lonse, n'kutsinzina, manja ali pamawondo. Mawa lake anakhozanso kamodzi, n'kuumanso chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo chala chake chinkapita pa yankho loona, n'kuima m'mwamba pang'ono, kenako n'kudina la pambali pake. Madzulo Madamu akatsegula pomwe tabuleti imasunga zotsatira, ankapeza ziro. Masabata sikisi, ziro yekhayekha.

Felister ankaona zonsezi, ndipo chifukwa chake ankachidziwa. Chaka cha dzana, nthawi ya mango, anapita ndi Brenda kumitengo ya m'mbali mwa kamtsinje kouma. Anamukhazika patsinde n'kumuuza kuti, "Khala pompano, usasunthe." Brenda ukamuuza chinthu amachita chomwecho. Felister akutola mango chapatali, anamva nthambi kuthyoka, potembenuka n'kuona njovu yaimuna ikutuluka m'tchire. Miyendo inamunyamula yokha. Anathamanga mpaka kumsewu, osacheuka, ndipo ali komweko anaimva ikulira kawiri. Anabwerera patapita nthawi yaitali. Anapeza mapazi a njovu atazungulira mtengo wonse, Brenda ali pomwe anamusiya, atatsinzina, diresi litanyowa. Anamuchapira kumjigo, n'kupita naye kunyumba, osauza munthu.

Brenda anakana chakudya masiku awiri, amayi n'kupita naye kuchipatala poganiza kuti ndi malungo. Kale akaona njovu zikudutsa patali ankaloza n'kunena kuti "jovu", akuseka. Mawu amenewo anatha. Linathanso dzina limene ankaitanira mkulu wake, loti "Feli".

Kangapo konse Felister anakonzeka kuti angowauza Madamu kuti mwanayu akuopa njovu. Koma nkhani ikanafika kwa amayi, ndipo amayi akanafunsa kuti, kuyambira liti? Funso limenelo ndi limene linkamutseka pakamwa.

Belu la njinga linalira kuseri kwa mpanda.

"Odi kuno! Mwaswera bwanji, amake Felister?"

"Taswera, Madamu, kaya inu? Lowani. Iwe, mpando! Mpunga umenewo ukuusankha kapena ukuupempherera?"

Amayi anali atapempha kuweruka msanga kukampu ya alendo ya ku Nkwali komwe amachapa zovala, ndipo manja awo anali akadali otuwa ndi sopo. Felister anabweretsa mpando, n'kugwada popereka moni, n'kubwerera palichero pake. Brenda anali pansi pa nkhokwe, akundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere.

Madamu anatulutsa tabuleti m'chikwama koma sanaiyatse msanga. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Amama, ine ndabwera ndi manyazi," anatero. "Ndinakulonjezani zambiri. Ndinauza ahedi a sukulu yathu kuti andipatse temu imodzi, aona okha. Manje ahedi akuti ndiwaonetse zotsatira, ine ndiwaonetsa chiyani? Onani."

Anaonetsa mzere wa maziro. Amayi anaweramira, n'kupukusa mutu.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzira ndimalidziwa. Onsewa mazira? Akanakhala a nkhuku bwenzi titalemera."

Madamu anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Ndinafunsa anzanga a m'gulu lija. Wina wa ku Kitwe akuti mwana wake anayamba kuwerenga pa masabata atatu. Wina akuti mwina vuto ndi ine, sindinaphunzire bwino kagwiritsidwe kake. Mwina n'zoona. Ine kukoleji za ana otere sitinaphunzire, ndimangotola pa intaneti."

"Iyayi, Madamu, musadziimbe mlandu. Inu mwayesa. Ndani wina anakwerapo chulu chifukwa cha mwana wanga? Mutu wake ndi umenewo, Mulungu anapereka choncho. Azikhala pakhomo. Nanga azingotha nsapato?"

Felister anaweramira palichero. Anatola kambewu kabwinobwino ka mpunga n'kukataya pansi pamodzi ndi timiyala.

"Felister amakhala naye tsiku lililonse," anatero Madamu, akumuyang'ana. "Mwina iye anaonapo kanthu. Felister?"

"Ameneyo mukumufunsa?" amayi anayankha iye asanatsegule pakamwa. "Ine ndinabereka osalankhula awiri, Madamu. Winayo chabe ndiye akudikira satifiketi."

Felister anayang'ana m'lichero. Madamu anadikira pang'ono, kenako anapumira m'mwamba.

"Tiyeseko komaliza, muone ndi maso anu, musadzati ndinamunamizira. Brenda, bwera mwanawe."

Brenda anabwera, n'kukhala pamphasa, n'kupinda miyendo. Mahedifoni anali atatsala kusukulu, choncho mawu anamveka pabwalo ponse, akuti aloze faifi. Chala chinanyamuka, chinapita pa faifi penipeni, chinaima. Kenako chinatsetserekera kumanzere n'kudina thuu. Chithunzi chinagwedezeka. Mapewa a Brenda anatsika pang'ono, ngati munthu amene wawoloka msewu bwinobwino.

Madamu sanaone mapewawo. Maso awo anali pa tabuleti, a amayi anali kumwamba. Mawu anati aloze chilembo choyamba cha dzina lake. Chala chinachitanso chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzinso.

"Basi, mulekeni," anatero amayi, mawu atatsika. Nthabwala zinali zitawathera. "Ngakhale chilembo chake chomwe. Muwauze ahedi kuti Mande sabwera. Malo akewo apatse wina."

Madamu anazimitsa tabuleti. Anamusisita Brenda kumutu, n'kunena kanthu m'Chilozi chakwawo, kamene palibe anakamva. Maso awo anali atafiira. Anaika tabuleti m'chikwama, n'kutseka zipi, n'kuimirira kuti atsanzike. Brenda anayang'ana chikwamacho, kenako anayang'ana mkulu wake. Sanamuyang'ane mokwiya kapena mopempha. Anangomuyang'ana, monga amachitira akamadikira kuti auzidwe chochita.

Felister anaimirira. 

"Madamu, musapite."

Mawu anatuluka aang'ono, moti amayi anati, "Wati chiyani?"

"Ndati asapite. Brenda amadziwa. Manambala onse mpaka twente amawadziwa, zilembonso. Mwana wosadziwa amakhozako mwamwayi, kamodzi kapena kawiri. Uyu masabata sikisi sanakhozepo, chifukwa amayamba wapeza yankho loona kenako n'kulithawa. Muziona chala chake, osati ziro. Akakhoza pamabwera njovu ija n'kulira m'makutu mwake. Ndi imene akuithawa."

"Njovu?" anatero amayi. "Brenda amakonda njovu. Kuyambira liti?"

Felister anadzutsa mutu. Anayang'ana amayi ake m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Kuyambira tsiku la mango lija, amama, limene munati ndi malungo. Sanali malungo. Njovu inatipeza kumitengo, ine ndinathawa ndekha. Ndinamuuza kuti asasunthe, n'kumusiya pomwepo, njovu n'kumuzungulira iye ali chikhalire. Ndinabisa. Kusukulunso ndinaona kuyambira tsiku loyamba, n'kusiya Madamu akudziyesa olephera, inu mukuti mutu wake ndi umenewo. Mutu wake ulibe mlandu. Madamu, funsani anzanu aja ngati njovuyo ingachotsedwe, kapena mupeze masewera ena opanda nyama. Zikakanika ndijambula ndekha pamakatoni. Ine mundikalipire mmene mungafunire, amama, ndimva. Koma Mande Brenda apita kusukulu, ndipo ndimuperekeza ndine."