Mayina a M'kope la Goodwell

Miriam ankasita shati yoyera yoti akamuveke mwamuna wake m'bokosi pamene Luntha, mwana wawo wamkazi, anasuzumira kukhitchini.

"Mami, pakhomo pali munthu. Akuti ndi a Chanthou."

Miriam anaimika simbi. Dzinalo ankalidziwa. Kwa zaka ziwiri linkawala pa foni ya Goodwell, mwamuna wakeyo, ndipo Loweruka lililonse iye ankabereka laputopu n'kukwera basi ya ku Edmonton Green, akuti kukathandiza munthu. Miriam sanafunsepo. Ankangopemphera, mtima ukuwira, poganiza kuti ndi chibwenzi. Goodwell atagwa ku ofesi Lachiwiri osadzukanso, Miriam anauza Luntha kuti afufute zonse za m'laputopumo asanaitumize kumudzi pamodzi ndi maliro. Sanafune kuti abale aone manyazi ake.

Pakhomo panali mayi wokalamba, wamfupi, wotsamira ndodo, atanyamula malalanje m'pepala. Anavula nsapato asanalowe.

Anapepesa m'Chingerezi chodukaduka, kenako anafotokoza. Anachokera ku Cambodia. Malemu amuna ake, atafika ku London, analemba pakompyuta yakale mayina a anthu a m'mudzi mwawo amene anaphedwa kapena kufa ndi njala pa nthawi ya ulamuliro wankhanza, mazana atatu ndi makumi anayi. Pamakina atsopano mayinawo anasanduka zinyalala. Goodwell, amene ntchito yake inali ya makompyuta, anapeza mayiyo akulira ku laibulale, ndipo anapulumutsa fayiloyo disiki yakale isanafe.

"M'chilankhulo chathu malembo a liwu ena amakhala kumanzere, ena pamwamba, ena pansi pa lembo linzake," anatero mayiyo. "Amuna anga ankawataipa monga momwe diso limaonera. Makina a lero amafuna lembo lililonse ndi nambala yake, pamalo pake. Likasowa potsamira, pamatuluka kabwalo ka timadontho, kopanda kanthu mkati. A Goodwell ankadana nako kabwaloko. Ine ndinkatchula dzina, iwo n'kukonza, limodzilimodzi. Anati amaliza isanafike Khirisimasi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Si tsiku lofunsira zinthu, ndikudziwa. Koma fayilo ija ili m'laputopu yawo mokha, kulibenso kwina."

Luntha anayang'ana mayi ake. "Mami, ndinafufuta dzulo. Everything. Munati ndisasiye kanthu."

"Palibe njira yobwezera?" anafunsa Miriam.

"Munati ndifufute kawiri."

Chanthou sanamve Chichewacho, koma nkhope anaziwerenga. Anakhala pansi pang'onopang'ono, manja pa maondo.

Pamenepo Miriam anakumbukira kope labuluu lomwe Goodwell ankasunga pansi pa Baibulo. M'mawa uliwonse, asanapite kukakwera sitima, ankagwada nalo pambali pa bedi akung'ung'udza mawu achilendo. Miriam ankatembenukira kukhoma.

Anakalitenga. Munali malembo opindapinda, ojambulidwa ndi dzanja la munthu wosadziwa chilankhulocho, timanambala pansi pa lembo lililonse. Pambali analemba katchulidwe kake monga Mmalawi angamvere, ndi timawu tochepa: "Anali ndi zaka zisanu." "Ankaumba miphika." "Mlongo wa a Chanthou, ankakonda kuimba."

Luntha anawerenga masamba. Mayina anali zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Dzina la patsamba lomaliza linali lolembedwa theka.

Chanthou anayendetsa chala pa theka la dzinalo, n'kulitchula lonse. Kenako anatsegula tsamba lotsatira, loyera, ndi linzake, loyeranso.

"Enawo ndinkawadziwa nkhope zokha," anatero. "Mayina ankadziwa ndi amuna anga."

Kukhitchini simbi inali itazizira, shati ili pomwepo, mkono umodzi wosasita. Miriam anagwada pa kapeti, kutsogolo kwa mayiyo, nagwira kope lija ndi manja onse awiri. Anayamba m'Chingerezi, koma mawu anamukanika, ndipo anatuluka m'chinenero chimene mlendoyo sankachimva.

"Ndinakuganizirani zoipa. Sindinafunse n'komwe. Mundikhululukire, bambo a Luntha. Mundikhululukire nonsenu."