Nkhope Yopanda Maso Pakhoma

Mlamu wake anali atatsegula kale chitini cha laimu pamene mayiyo ankatuluka panja. Panali patangopita masiku asanu chiikireni mwamuna wa mayiyo m'manda, mphunzitsi wa zojambula wa pakoleji.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," anatero mlamuyo. "A kampani ya sopo akufuna khomali liyere pofika Lolemba, alembepo malonda awo. Azilipira mwezi ndi mwezi. Kodi ana adya zithunzi?"

Mayiyo anayang'ana khomalo. Kunena zoona, khomalo ankadana nalo. Linali la mpanda wawo, loyang'ana kumsewu, ndipo linamulanda mwamuna kwa chaka chathunthu. Loweruka lililonse bamboyo ankabwera ndi ophunzira ake kudzajambula anthu a mumsewumo: wosoka nsapato, wometa tsitsi, mayi wa pagolosale. Lamulo lake linali limodzi. Wophunzira azikhala kaye ndi munthuyo, amve nkhani zake, kenako amujambule yense kupatula maso. Maso ankajambula ndi mwini nkhope, ndi dzanja lake, ngakhale akhote chotani. N'chifukwa chake wosoka nsapato anali ndi diso limodzi lalikulu ngati dzira.

Ophunzira atatu anali ataima kutsidya kwa ngalande. Mtsikana wina, amene anzake ankamutcha Kapitawo, anayandikira.

"Amayi, sitinabwerere mkangano, khoma ndi lanu. Tangoti tikupatseni aka. Tinakapeza m'kabati ya aphunzitsi."

Kanali kabotolo ka penti wakuda, komangidwa pamodzi ndi kaburashi. Pakapepala komata panali zilembo zopendekera za mwamuna wake zija: "Za amayi akunyumba. Wina asakhudze."

"Zachibwana basi," anang'ung'udza mlamu uja.

Kapitawo analoza kumapeto kwa khoma, kumene mayiyo anali asanapondeko chiyambire ntchitoyo. Mayiyo anapita. Pakhomapo panali chithunzi cha mkazi atakhala pa makina osokera, phini ali pakamwa, phewa limodzi litatsika monga mmene iye amachitira akatopa. Nkhopeyo inalibe maso.

Loweruka lililonse bamboyo ankasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, kamphindi kokha." Iye ankayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Ndili ndi madiresi a eni ake. Kasewereni nokha." Ankayesa akumuitanira kukaombera m'manja.

"Anakujambulani okha," anatero Kapitawo. "Ife tinkati, 'Aphunzitsi, ingomalizani, akazi anu simuwadziwa maso?' Iwo ankati, 'Ndawayang'ana zaka makumi awiri, koma maso ndi awo. Ndidikira.'"

Mayiyo anamva chisoni, komanso anapsa mtima. Munthu wamakani bwanji! Akanangonena poyera, mwina akanatuluka. Mwinanso ayi, ndipo izi ndi zimene zinamuwawa koposa.

"Alamu, dzuwa likukwera," anatero mlamu uja, burashi yaikulu ikudontha laimu.

"Tsekani chitinicho."

"Nanga ana?"

"Sindikudziwa. Ndizisoka mpaka msana uthyoke. Koma tsekani."

Mlamuyo anapukusa mutu, n'kuponya burashi mu udzu.

Mayiyo anapotokola chitsekero cha kabotolo kaja, akuyembekeza kupeza penti atauma gwa. Anali wamadzimadzi ngati wogula dzulo.

"Aphunzitsi ankamutakasa Loweruka lililonse," anatero Kapitawo motsitsa mawu, "kuti tsiku limene mudzatuluke mudzamupeze ali bwino."

Mayiyo anapukuta dzanja pa siketi, n'kuviika kaburashi kaja.